KUTHAMANGA SIKUFIKA

Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Mwambi umenewu timauloweza bwino pokonzekera mayeso a Chichewa, koma tikafika pa bwalo la masewero timauiwala msanga. Chaka ndi chaka, ikangomveka mbiri yoti mpikisano wa cross country watsala masabata awiri, anyamata amene akhala miyezi yambiri osathamangako amadzuka ndi changu chodabwitsa. Tsiku loyamba amaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, lachiwiri chimodzimodzi, ndipo pofika Loweruka theka la gulu lija likutsimphina popita ku tchalitchi. Ena amalephera ngakhale kugwada pa Misa chifukwa cha mawondo. Pa tsiku lenileni la mpikisano opambana amakhala omwe aja a chaka chatha, ndipo otsalawo amangodzitonthoza kuti kuthamanga n'kobadwa nako.

Ine sindivomereza zimenezo. N'zoona kuti Mulungu sadatipatse miyendo yofanana, koma ambiri mwa anzathu amene amagwa m'njira sagwa chifukwa chosowa mphatso. Amagwa chifukwa chokonzekera mwaphuma, ndiponso chifukwa tidawaphunzitsa kuti kukonzekera kwenikweni ndi kuja munthu amabwerako ali wefuwefu, maso ali psuu. Maganizo anga ndi akuti wofuna kuthamanga mtunda wautali ayenera kuthamanga mofatsa masiku ambiri, ayambe kudakali miyezi itatu, ndipo asachite manyazi kupumula. Ndikudziwa kuti ena anena kuti ndikuphunzitsa ulesi. Ndiwayankha kutsogoloku.

Ife ochokera ku zigwa za fodya za ku Kasungu sitiyenera kuvutika kumvetsa nkhaniyi, pakuti tidakula tikuiona ndi maso. Taganizani za mlimi wa fodya wa fuluu pamene wapachika masamba m'bani. Nkhuni ali nazo, moto angathe kuusonkha waukulu ola lomwelo, ndipo mtima wake uli kale ku msika wa Chinkhoma. Koma sayerekeza. Masiku oyamba amasunga kutentha kochepa, kwa pakati pa madigiri 35 ndi 40, kudikira kuti tsamba lisanduke lachikasu. Likatero ndiye amayamba kukweza moto pang'onopang'ono kuti tsamba liume, ndipo pomalizira penipeni amafika pa madigiri pafupifupi 70 kuti msempha wapakati wa tsamba uume nawonso. Ntchito yonseyi imatenga pafupifupi sabata, munthu akugona pakhomo pa bani. Akafulumira kusonkha moto, fodya amauma adakali wobiriwira kapena amada ndi kupserera, ndipo ogula amamugwetsa mtengo. Nkhuni zatha zomwezo, thukuta lakhetsedwa lomwelo, koma ndalama palibe. Palibe munthu wa kwa Wimbe kapena kwa Santhe amene angatchule mlimi wodekha uja kuti ndi waulesi.

N'chimodzimodzinso ku nazale. Mbande zikatsala pang'ono kuwokeredwa, mlimi amazikhwimitsa: amachepetsa madzi pang'onopang'ono ndi kudulira masamba kuti zizolowere dzuwa la kumunda. Mbande yonenepa, yobiriwira bwino, koma yosakhwimitsidwa, ndiyo imayamba kufota ikafika pa mzere.

Thupi la munthu nalonso lili ndi ziwalo zina zofulumira kuzolowera ndi zina zochedwa, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lonse. Mnyamata akayamba kuthamanga, mtima ndi mapapo zimasintha msanga. Pakangotha masabata atatu kapena anayi amamva kuti phuma lachepa, ndipo amaganiza kuti wakhwima. Koma mafupa, minyewa ya ku chidendene ndi mfundo za m'mawondo zimatenga miyezi kuti zilimbe. Ndiye mtima ukuti tiye, pamene miyendo idakali mbande. Pothamanga, phazi lililonse likamatera pansi limanyamula mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa thupi lonse, ndipo pa kilomita imodzi munthu amaponda pansi pafupifupi ka 1,000. Mukawerengera makilomita asanu tsiku lililonse kwa munthu amene sadazolowere, simudabwa kumva akudandaula misongolo. Ululu wa m'misongolowu ukanyozeredwa, fupa limatha kuchita kamng'alu kakang'ono, ndipo zikatero munthu amakhala masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo osathamanga. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti thupi sililimba pa nthawi imene likuthamanga ayi. Pothamanga minofu imaphwanyika pang'ono; imamangidwanso yolimbirapo pamene munthu wadya ndi kugona. Wothamanga mwamphamvu tsiku ndi tsiku akungophwanya osapereka mpata womanga.

Mbiri ya masewero ili ndi anthu otchuka amene adaphunzira zimenezi mowawa. Mu 1953 Jim Peters wa ku England adakhala munthu woyamba kumaliza marathoni, mtunda wa makilomita 42.195, m'nthawi yosakwana maola awiri ndi mphindi 20. Adali munthu wosadziwa kubweza phazi, pokonzekera ngakhalenso pa mpikisano. Pa 7 Ogasiti 1954, pa masewero a mayiko a Commonwealth ku Vancouver, kudacha kotentha. Peters adanyamuka ndi liwiro lake la masiku onse, ndipo adalowa m'bwalo ali patsogolo kwambiri, anzake atatsala kutali zedi. Kudatsala kungozungulira bwalo kosakwana kamodzi. Koma thupi lidali litatheratu. Adagwa, nadzuka, nadzandira, nagwanso, kambirimbiri, anthu zikwizikwi akuonerera, mpaka adamunyamula asadafike pa mzere womalizira. Adapambana ndi Joe McGhee wa ku Scotland, amene adabwera m'mbuyo modekha. Mwa anthu 16 amene adanyamuka, 6 okha ndiwo adamaliza. Peters sadachitenso mpikisano wina moyo wake wonse.

Tsono yerekezani ndi Kelvin Kiptum wa ku Kenya, amene pa 8 Okutobala 2023 adathamanga marathoni ya ku Chicago m'maola 2 ndi masekondi 35. Theka loyamba la mtundawo adalithamanga m'mphindi 60 ndi masekondi 48, ndipo theka lachiwiri m'mphindi 59 ndi masekondi 47. Ndiye kuti pamene anzake amayamba kufooka, iye ndi pamene amawonjezera. Mnyamatayu adamwalira pa ngozi ya galimoto mu Febuluwale 2024, Mulungu awulandire mzimu wake. Nayenso Eliud Kipchoge, pamene adathamanga mtunda womwewu mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna mu 2019, adali ndi gulu la anzake omutsogolera amene ina mwa ntchito zawo idali kusunga liwiro lofanana, la mphindi 2 ndi masekondi 50 pa kilomita iliyonse, kuti asafulumire kapena kuchedwa. Ngati akatswiri otere amaopa kunyamuka mopupuluma, nanga mnyamata wa Fomu 2 amene wadya phala la m'mawa lokha akudalira chiyani pamene akupikisana ndi mphepo pa mamita 500 oyamba?

Tsopano ndiyankhe aja onena za ulesi. Iwo amati moyo wa pa seminale ndi wodzimana ndi wopirira, ndipo mnyamata wosafuna kumva ululu pa bwalo sadzapiriranso zovuta za utumiki. Amakumbutsanso kuti Paulo Woyera, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto, adafanizira moyo wa Mkhristu ndi mpikisano wa liwiro. Zonsezi n'zoona. Koma Akorinto amene ankamva mawu amenewo ankawadziwa bwino masewero a ku Isthmia, pafupi ndi mzinda wawo, ndipo ankadziwa kuti opikisana amakonzekera miyezi yambiri, akudziletsa pa zakudya ndi pa zina. Kudziletsa kwa miyezi ndi kosiyana kutali ndi kudzizunza kwa masabata awiri. Kunena zoona, kuthamanga mwaphuma n'kosavuta: anthu amakuona, amakuchemerera, ndipo mawa lake uli ndi chifukwa chomveka chokhalira m'nyumba yogona. Chovuta ndi kudzuka Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka kwa miyezi itatu, n'kumathamanga modekha pamene mwana wa Fomu 1 akukupitirira akuseka, iwe osamuthamangitsa. Kudzigwira kotereku ndiko kumasowa pakati pathu. Komanso tisaiwale kuti thupi si lathu lokha. Makolo adagulitsa fodya ndi mtedza kuti tikhale pano, ndipo bondo limene tiliononga tili ndi zaka 16 ndi lomwelo lidzafunika kukwera njinga kupita ku mipingo ya kumidzi tili ndi zaka 40.

Mpingo wathu womwe uli ndi chitsanzo chabwino pa nkhaniyi. Mu 1976 Brother Colm O'Connell wa chipani cha Patrician Brothers adachoka kwawo ku Ireland kudzaphunzitsa Jogalafe pa sukulu ya St. Patrick's ku Iten, m'dziko la Kenya. Sadaphunzire za uphunzitsi wa masewero, koma adayamba kuyang'anira anyamata othamanga pa sukulupo, akuphunzira poonerera ndi pomvetsera. Pa sukulu imeneyi padachokera Peter Rono, amene adapata mendulo ya golide pa mamita 1,500 ku Seoul mu 1988, ndipo ndi Brother Colm yemweyo adaphunzitsa David Rudisha, amene adapambana mamita 800 ku London mu 2012 m'mphindi imodzi ndi masekondi 40.91. Alendo ambiri amene amapita ku Iten kukaona mmene Akenya amakonzekerera amadabwa ndi chinthu chimodzi: pa masiku opepuka, akatswiri aja amayamba kuthamanga mwapang'onopang'ono kwambiri, moti munthu wamba angathe kutsagana nawo. Mphamvu amazisungira masiku awiri kapena atatu ovuta pa sabata. Katswiri wina wa za thupi, Stephen Seiler, amene amagwira ntchito ku Norway, atafufuza makonzekeredwe a akatswiri a masewero a mtunda wautali adapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a kukonzekera kwawo ndi kofatsa. Ndipo kale mu zaka za m'ma 1960, Arthur Lydiard wa ku New Zealand ankatumiza Peter Snell kukathamanga makilomita 35 pa ulendo umodzi, chikhalirecho mpikisano wake udali wa mamita 800 okha. Snell adapata golide ku Rome mu 1960, ndi ena awiri ku Tokyo mu 1964.

Tisanamizane kuti zoterezi ndi za mayiko ena okha. Catherine Chikwakwa, mwana wa kuno ku Malaŵi, adapata mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, m'dziko la Italy, mu 2004. Mike Tebulo adamaliza marathoni ya Olimpiki ku London mu 2012 m'maola 2 ndi mphindi 19. John Mwathiwa ndi Henry Moyo adanyamulanso mbendera yathu pa marathoni ya Olimpiki m'zaka za m'ma 1990. Dera lathu la Kasungu lili pamwamba kuposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere. N'zoona kuti silifika pa Iten, amene ali pa mamita pafupifupi 2,400, koma tili ndi chimene anthu a m'mizinda amasirira: misewu yafumbi yaitali, yosalala, yodutsa pakati pa minda ndi maesiteti, yofewa ku miyendo kusiyana ndi phula.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti akuthamanga mofatsa mokwanira, popeza ambiri a ife tilibe wotchi? Njira yake ndi yapafupi, ndipo kwa ife aseminale ndi yapafupi koposa. Thamangani awiriawiri mukucheza. Ngati mungathe kunena pemphero la Tikuoneni Maria mokweza, wina kuyamba wina kuyankha, popanda kudukiza pakati pa mawu kuti mupume, liwiro lanu lili bwino. Ngati mawu akutuluka amodziamodzi, mwafulumira. Bwezani phazi, ngakhale kuyenda kumene. Sindikunena kuti tisandutse kolona kukhala wotchi, Abambo andikhululukire, koma muyeso wake ndi umenewo. Za mtunda musavutike nazo poyamba. Werengani mphindi. Ofuna kudziwa mtunda akumbukire kuti kuzungulira bwalo lalikulu la mpira katatu ndi pafupifupi kilomita imodzi.

Kwa woyamba kumene, masiku atatu pa sabata ndi okwana, ndipo pakati pa masikuwo pakhale tsiku lopumula. Masabata atatu oyamba mphindi 20 zikwanira, kuthamanga pang'ono ndi kuyenda pang'ono. Kenaka muziwonjezera mphindi zochepa sabata iliyonse. Aphunzitsi ambiri amati musawonjezere kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene mudachita sabata yatha. Limeneli si lamulo la m'Malembo, koma limateteza munthu ku changu chake chomwe. Sabata yachinayi iliyonse chepetsaniko dala, ngakhale mukumva mphamvu. Tsiku limodzi pa sabata, monga Loweruka, likhale la ulendo wautaliko, umene pofika mwezi wachitatu ungafike mphindi 50 kapena ola limodzi. Za liwiro zidikire mpaka masabata asanu ndi limodzi atatha, ndipo likhale tsiku limodzi lokha pa sabata: kuthamanga mwamphamvu mphindi ziwiri, kufatsa mphindi ziwiri, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Sabata yomalizira mpikisano usadachitike, chepetsani zonse ndi theka. Imeneyi ndiyo sabata imene ife timayamba kukonzekera, pamene anzathu odziwa amakhala akupumitsa miyendo.

Pali ululu wa mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kuusiyanitsa. Kuphwanya kwa minofu, kwa miyendo yonse iwiri, kumene kumabwera mawa lake n'kutha pakapita masiku awiri kapena atatu, n'kosaopsa. Koma ululu wobaya pa malo amodzi, umene munthu angaloze ndi chala, umene ukukulirakulira pamene akuthamanga kapena ukumuchititsa kutsimphina, umenewo ndi wofunika kuima ndi kukaonana ndi a chipatala. Wodwala malungo kapena wotentha thupi asathamange konse, ndipo atachira adikire masiku angapo. Chizolowezi chonena kuti ukatuluka thukuta malungo athawa n'choopsa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa la ku Kasungu limaswa mtengo, nthawi yothamanga ndi m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo madzi amwedwe tsiku lonse, osati kudikira ludzu la pa bwalo. Mnzanu akayamba kudzandira, kulankhula zosamveka kapena kuoneka wosokonezeka, musamulimbikitse kuti amalize. Muikeni pa mthunzi, mumuthire madzi thupi lonse, ndipo wina athamangire kukaitana akuluakulu.

Pano ndipemphe mwaulemu kwa Abambo, aphunzitsi ndi atsogoleri a ophunzira m'masukulu mwathu, kuti kuthamanga kusakhale chilango. Mnyamata akachedwa ku mapemphero n'kuuzidwa kuti azungulire bwalo kakhumi dzuwa lili paliwombo, amaphunzira chinthu chimodzi: kuti kuthamanga ndi tsoka logwera wolakwa. Adzadana nako mpaka kukalamba. Zilango zina zilipo zambiri, ndipo udzu wofuna kutchetcha sudathepo. Ndipemphenso kuti tisamathamangitse sukulu yonse pa gulu limodzi. Mwana wa zaka 13 amene mafupa ake akukulabe sangatsatire phazi la mnyamata wa Fomu 4, ndipo poopa kusekedwa amadzikakamiza kufikira atavulala. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Magulu atatu, ogawidwa potsata mphamvu osati kalasi, angathetse vutoli popanda kuononga ngakhale tambala imodzi.

Kwa inu makolo, nkhani yanu ndi ya tchuthi. Tikabwera pa Khirisimasi timapeza ntchito yopalira ndi kubandira, ndipo pa Pasaka timapeza yosankha fodya ndi kudinda mabelo. Ntchito imeneyi ndi yathu ndipo tiyenera kuigwira. Koma mnyamata amene walima kuyambira tambala woyamba mpaka masana wagwiritsa kale ntchito thupi lake. Madzulo ake mphindi 20 zofatsa zikwanira, kawiri kapena katatu pa sabata, kungoti miyendo isaiwale. Mukamuona akuthamanga m'mudzi musamuyese wopenga kapena wothawa khasu. Dziwaninso kuti wothyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula amatha kumva nseru, mutu ndi chizungulire, chifukwa chikonga cha m'masamba chimalowa kudzera pa khungu. Tsiku lotero asathamange. Asambe, asinthe zovala, amwe madzi ndi kupumula. Chakudya chapadera sichifunika. Nsima, nyemba, mtedza, mbatata, masamba ndi thobwa ndi zokwana, malinga zikhale zokhutitsa. Nsapato za pa kaunjika zilibe vuto ngati zikukwana bwino. Abebe Bikila wa ku Ethiopia adapambana marathoni ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, koma mapazi ake adali ozolowera kuyambira ubwana, tsono amene wakula akuvala asavule lero n'kuthamanga makilomita khumi.

Okhala m'mbali mwa msewu wa M1 athamange moyang'anana ndi magalimoto, ndiye kuti kudzanja lamanja, makamaka nyengo ya msika pamene malole a mabelo amakhala piringupiringu. Okhala kufupi ndi nkhalango ya Kasungu National Park apewe mbandakucha ndi chisisira. Chisamutsireni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, midzi ya m'malire yaona zoopsa, ndipo njovu siipikisana nayo liwiro.

Chimene chingasinthe zinthu msanga chili m'manja mwa komiti ya masewero. Tsiku la mpikisano wa cross country lilengezedwe kudakali masabata khumi ndi awiri, lilembedwe pa bolodi pamodzi ndi masiku a mayeso, ndipo pa masana atatu a masewero pa sabata, ofuna kuthamanga aloledwe kutuluka ndi mtsogoleri wawo m'malo mokakamizidwa kukhala m'mbali mwa bwalo kuonerera mpira. Pakhale kabuku kamene aliyense azilembamo mphindi zimene wathamanga ndi mmene miyendo yamvera, ndipo Bambo woyang'anira masewero azikaona Loweruka lililonse. Amene dzina lake mulibe m'kabukuko kwa masabata asanu ndi atatu asaloledwe kupikisana pa mtunda wonse. Athamange theka, kapena agwire ntchito yogawa madzi m'njira.